Chiphaso cha munthu si chokulungira mandasi

Akonzi,

Lachiwiri lapitali ndinagula mandasi atatu pa depoti ku Lilongwe. Nditafika kunyumba n'kutambasula pepala lomwe anandikulungiramo, ndinapeza kuti ndi fotokope ya chiphaso cha unzika cha bambo wina wachikulire. Nkhope, dzina, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso, zonse zili poyera, zitanona mafuta. Kuseri kwake wina analembapo nambala ya foni ya bamboyo ndi bolopeni.

Mayi wa mandasi ndilibe naye mlandu, iye anangopeza pepala. Amene ndikulimbana nawo ndi a ofesi yomwe inauza bamboyu kuti "bweretsani fotokope", kenako n'kuitaya ngati khoko la nthochi.

Chiyambireni kulembetsa ziphaso mu 2017, aliyense wasanduka NRB, nthambi ya boma yopereka ziphasozi. Mlonda wa pageti akufuna nambala ya chiphaso. Wa shopu akuti lembani dzina, foni ndi kumene mumakhala kuti mulowe mumpikisano wa ketulo. Ketulo! Tsiku lina pa ofesi ina anandifunsa mudzi ndi mfumu yanga, pamene ine ndinangopita kukasiya envelopu. Kunangotsala kundifunsa dzina la apongozi. Buku lakelo limakhala chotsegula pathebulo, aliyense wosaina amayamba wawerenga manambala a anzake. Ndiye tizidabwa akatiimbira achinyengo aja, kutitchula dzina lenileni, amvekere katundu wanu wafika pa boda tumizani ya transipoti?

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu. Mu 2024 kunabweranso lamulo la Data Protection Act, ndipo udindo woliyang'anira unaperekedwa ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi. Lamuloli likuti wotenga mbiri ya munthu atenge zokhazo zofunika pa ntchitoyo, azisunge bwino, ndipo asakhale nazo mpaka kalekale. Kodi mabwana a m'maofesimu analiwerenga, kapena nalonso likudikira kukulungira zitumbuwa? Vuto lathu ndi lomweli: malamulo timalemba okoma, kukhazikitsa kwake ku hotela ndi ma alawansi, kukacha zii.

A MACRA, yendani m'maofesimu muone mabuku a pageti. Mlonda aziona chiphaso ndi maso n'kubweza, osalemba nambala. Mafotokope akatha ntchito aziwotchedwa. Pepala la bambo uja ndawotcha ndekha pa mbaula.

Wokhumudwa,
Area 25, Lilongwe