Mawu oti “attitude” anayambira pathupi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono ndi mmene omasulira ambiri amachitira akakumana ndi mawu a Chingerezi oti “attitude”. Akangowaona amathamangira kulemba “khalidwe” kapena “maganizo”. Nthawi zambiri amalondola, koma pali malo amene kumasulira kotereku kumasocheretsa owerenga, chifukwa mawuwa poyamba ankanena za thupi.

Analowa m'Chingerezi cha m'ma 1660 kudzera m'Chifalansa, kuchokera ku mawu a Chitaliyana oti “attitudine”. Gwero lake ndi mawu a Chilatini oti “aptitudo”, kutanthauza kuyenera, ndipo n'komwenso kunachokera “aptitude”, luso lobadwa nalo. Oyamba kuwagwiritsa ntchito anali ojambula zithunzi ndi osema ziboliboli, ponena mmene munthu wojambulidwayo waimira: mwendo umene wasenza thupi, kumene khosi lapendekera, pamene manja ali. Poti kaimidwe kamaulula zamumtima, m'zaka za m'ma 1700 mawuwa anayamba kunena kaimidwe kosonyeza mkwiyo, mantha kapena ulemu, ndipo pofika m'ma 1800 ankanenanso maganizo enieniwo. Tanthauzo la mwano ndi matama, limene achinyamata amalidziwa kwambiri, ndi ladzuloli.

Zisatidabwitse. Nafenso “khalidwe” tinalitenga ku “kukhala”, ntchito ya thupi.

Tanthauzo lakalelo silinafe. Mu 1872 katswiri wa sayansi ya zamoyo Charles Darwin, polemba za galu amene akufuna kuluma, anagwiritsa ntchito mawuwa ponena miyendo yowuma gwa, mchira woima njo ndi ubweya wapamsana wonyamuka. Womasulira akalemba “maganizo a galu” wataya chithunzi chonse.

Koma pamene kulakwitsa kumaopsa ndi m'mabuku a azamba. Kumeneko “attitude” ndi mmene mwana wadzipindira m'chiberekero. Akapinda bwino, chibwano chimagunda pachifuwa, msana umakhota, manja ndi miyendo zimafungatirana, ndipo mbali ya mutu yotsogola potuluka imakhala pafupifupi masentimita 9.5. Khosi likawongoka pang'ono, muyezowo umafika cha pa 11.5 ndipo kubereka kumachedwa. Akatsogoza chipumi umapitirira 13, ndipo kawirikawiri mwana wofika msinkhu sadutsa pokhapokha mutuwo utasintha, apo ayi pamafunika opaleshoni. Mutu ndi womwewo, chasintha ndi kapindidwe ka khosi basi. Ndiye wophunzira uzamba awerenge kuti “khalidwe la mwana wosabadwa”, amva chiyani? Mawu oyenera apa ndi “kapindidwe”. Asasokonezedwenso ndi kagonedwe, kaya mwana wagona mowongoka kapena chopingasa, chifukwa azamba ali ndi mawu ena a zimenezo.

Oyendetsa ndege nawo amanena “attitude” pofotokoza mmene ndege yapendekera: mphuno yaloza m'mwamba kapena pansi, phiko liti latsika. Patsogolo pawo pamakhala kachipangizo kosonyeza thambo ndi mtundu wabuluu, nthaka ndi wofiirira, kamene amadalira akalowa m'mitambo. Apa msampha ndi mawu oti “altitude”, kutalika kuchoka pansi, amene amasiyana ndi chilembo chimodzi chokha koma anachokera kwina, ku “altus”, chinthu chachitali. Ndege ikhoza kudzutsa mphuno koma ikutsika, choncho kusinthanitsa mawu awiriwa si nkhani yosekera.

Ovina gule wa ballet amatchanso “attitude” kaimidwe ka mwendo umodzi, winawo utakwezedwa bondo lili lopinda.

Kwa omasulira, njira yake ndi iyi. Musanalembe, dzifunseni ngati chimene chikunenedwacho mungachijambule ndi kamera. Ngati mungathe, sankhani pakati pa kaimidwe, kakhalidwe ka thupi, kapindidwe ndi kapendekedwe, malinga ndi chimene thupilo likuchita. Ngati simungathe, onani mawu otsatira: pakabwera “towards” kapena “to”, ndi mmene munthu amaonera chinthu, ndipo “maganizo” akwana. Mawuwa akaima okha m'mawu a munthu wokwiya, lembani “mwano”.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa zomasulira