Kalata kwa mnzanga wa ku Manchester

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latikwana.

Unandiuza kuti abwana ako anati "you will adjust to the cold", iwe n'kungogwedeza mutu usanamve n'komwe. Ndinaseka, chifukwa mawu omwewo a adjust akhala akundisowetsa mtendere sabata yonseyi.

Ine ndinawamvetsa kwa telala wa pakhonde la sitolo kumsika kuja. Ndinagula thalauza pakaunjika, m'chiuno mwake ngati thumba la chimanga. Telala anandizunguliza tepi, n'kulemba ndi choko kumbuyo, amvekere, "Ili tingolipanga adjust, bwana." Sanasoke lina ayi. Anangolibweza pang'ono, basi landikwana. Tanthauzo lake ndi lomwelo: kusintha chinthu pang'ono kuti chikwane kapena chigwire bwino ntchito. Chishalo cha njinga chikakutalikira n'kuchitsitsa, ndiye adjust ameneyo. Koma kugwetsa nyumba n'kumanga ina, mawuwa sakhalapo.

Tsono chenjera ndi kamawu kaja ka "to". Ukati adjust thalauza, chosintha ndi thalauzalo. Ukati adjust to the cold, wosintha ndiwe, kuzizirako kukhala momwemo. Ife timati kuzolowera. Abwana akowo amakulimbitsa mtima kuti uzolowera, koma jekete usaisiye kunyumba.

Chomwe chandipsetsa mtima ndi mmene anthu a m'maofesi amabisalira kuseri kwa mawuwa. Kusukulu ya mwana wanga kwachokera kalata yoti fizi "has been adjusted". Ine mumtima ndimati mwina atichitira chifundo. Chifundo chake chiti! Akweza, ndipo osati pang'ono ngati muja telala anachitira ndi thalauza langa. Ndinawerenga kalatayo kawiri kufunafuna mawu oti takweza, osawapeza paliponse. Zandikumbutsa Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pamenepo mawu amene anatchuka anali "realignment", ngati akungowongola thayala la njinga, pomwe shuga ndi sopo m'grosale zinali zitayamba kale kuthawa.

Ndiye nanenso pano ndikupanga adjust, tiyi wam'mawa tikumwa wopanda mkaka.

Undiuze ngati chipale chofewa chayamba kugwa, ndipo unditumizire chithunzi pa WhatsApp, ana akufuna aone. Moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa kumudzi.