Pobisa zenera lakuda la pulogalamu, zolakwika zizilembedwa penapake

Okondedwa a Mkonzi,

Ndikupempha mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta kuno ku Mzuzu, komanso aphunzitsi awo.

Chaka chatha ndinalembera azakhali anga, amene amagulitsa mpunga wa Kilombero ku Chibavi, kapulogalamu kolembamo mayina a anthu otenga katundu pa ngongole. Ndinakalemba ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndi Tkinter, chida cha Python chopangira mazenera ndi mabatani, ndipo kanali ndi mabatani ooneka bwino, koma akakatsegula pa Windows, kumbuyo kwake kunkatulukanso zenera lakuda lopanda kanthu. Tsiku lina madzulo azakhali, poganiza kuti ndi kachilombo kowononga kompyuta, analitseka, ndipo kapulogalamuko kanazima nthawi yomweyo pamodzi ndi ngongole za anthu asanu zimene anali asanazisunge. Anandiyimbira foni mawu akunjenjemera.

Wolakwa ndinali ine. Fayilo yothera ndi .py imayendetsedwa ndi python.exe, imene imabwera ndi zenera lakudalo, pamene yothera ndi .pyw imayendetsedwa ndi pythonw.exe, yomwe sitsegula zenera lotere. Nditangosintha mathero a dzina la fayiloyo, zeneralo silinaonekenso. Amene amasandutsa pulogalamu kukhala .exe, fayilo yotseguka payokha pa Windows, pogwiritsa ntchito chida cha PyInstaller, awonjezere mawu akuti --noconsole.

Chimene chandilembetsa kalatayi, komabe, ndi chimene chinachitika patatha milungu iwiri. Kapulogalamuko kanakana kutseguka osanena chifukwa, popeza zenera limene limaonetsa uthenga wa zolakwika ndinali nditalichotsa ndi manja anga. Ndinakwera kabaza kupita kwa azakhali, ndipo ndinakhala pabenchi pakati pa matumba a mpunga kwa ola lathunthu, makasitomala akudikira pakhomo, kufikira nditakatsegula ndi python.exe n'kuona kuti fayilo yosungiramo ngongole inali itasamutsidwira mufoda ina. Kuchokera tsiku limenelo ndimagwiritsa ntchito logging, njira yolembera zochitika za m'pulogalamu imene ili kale m'Python, kuti cholakwika chilichonse chizilembedwa mufayilo yakeyake, ndipo vuto lalikulu likachitika, kabokosi ka uthenga womveka bwino kamatuluka pamaso pa azakhali.

Ndikupempha aphunzitsi a kompyuta m'masukulu ndi m'makoleji athu kuti tsiku limene aphunzitsa za .pyw, aphunzitsenso za logging wophunzira asanatuluke m'kalasi, chifukwa anthu amene tikuwalembera mapulogalamuwa ndi ochita malonda amene ndalama zawo zili m'mafayilo amenewo.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Chibavi, Mzuzu