Chipatala chaletsa fodya, koma chibaba chawagwira bambo anga

Okondedwa alangizi,

Ndithandizeni nzeru. Bambo anga ali m'chipatala atachitidwa opaleshoni ya pamimba, ndipo wowadwazika ndine. Anayamba kusuta ine ndisanabadwe. Kuchipatalako fodya ngoletsedwa paliponse, m'wodi, m'makonde, ngakhale pabwalo. Lamulolo ndikugwirizana nalo. Bedi loyandikana ndi lawo pagona munthu wopumira okosijeni, ndipo moto pamenepo ndi ngozi yoopsa. Enanso ndi odwala chifuwa, utsi ungowawonjezera mavuto.

Koma bambo akuzunzika. Usiku sagona, amangotembenuka, mutu ukuwawa, ndipo amakalipira aliyense. Munthu wofatsa uja anandilalatira pamaso pa anthu chifukwa ndinakana kukawagulira ndudu. Tsiku lina ndinawapeza kuchimbudzi, dzanja lina litagwira chitsulo cha dripu, lina lili ndi ndudu yopempha kwa munthu wodzazonda matenda. Namwino anawadzudzula kwambiri. Anali ndi chifukwa, koma palibe amene anawafunsa kuti amasuta zingati patsiku, kapena kuwapatsa chowathandiza kupirira.

Apa mpamene pakundiwawa. Adokotala anafotokoza bwino kuti fodya amachepetsa magazi ndi mpweya wofika pachilonda, motero chimachedwa kupola ndipo chingathe kutukusira. Koma chikonga cha mu fodya chikamulowerera munthu kwa zaka zambirimbiri, sichimva chikwangwani cha pakhoma. Ndinawerenga kuti mu 2024 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a chithandizo cha akuluakulu ofuna kusiya fodya. Akutchulamo uphungu wa achipatala, timapepala ta chikonga tomata pakhungu, chingamu cha chikonga, ndi mankhwala monga varenicline, bupropion ndi cytisine. Ndiye kuti amaona kuti awa ndi matenda ofunika kuchiza. Nanga chipatala chingamulande bwanji wodwala fodya tsiku limodzi n'kumusiya alimbane yekha?

Ndikufuna kudziwa ngati ndili ndi ufulu wopempha adokotala chithandizo chimenechi, ndiponso ndiwafikire bwanji osaoneka ngati ndikuwaphunzitsa ntchito. Bambo ali ndi matenda othamanga magazi, choncho sindikufuna kuwagulira chilichonse mwamseri. Kodi timapepala tomatato n'toyenera munthu wachilonda chatsopano? Ndamva kuti chibaba chimakula kwambiri sabata yoyamba kenako n'kumachepa m'masabata otsatira. Pakadali pano ndiziwachitira chiyani usiku chikawagwira?

Chondivuta kwambiri n'chakuti ndi bambo anga ondibereka. Akandituma ndikakana amati ndayamba mwano, ndipo achibale ena akuti ndingowapatsa imodzi agone. Iwo eni ake sananenepo kuti akufuna kusiya, amangowerenga masiku oti atuluke akasute. Ndiwayankhule motani kuti asamve ngati mwana wawo akuwalamula?

Ine mwana wothedwa nzeru