Kodi zitsamba za ku Korea zingayendere limodzi ndi mapiritsi ogonetsa?

Adokotala,

Ndine mayi wa ana awiri. Tikukhala mumzinda wa Daegu ku South Korea, komwe amuna anga akuchita maphunziro. Chibwerereni kuno, tulo tinawathawa. Kuchipatala anawalembera mapiritsi ogonetsa a zolpidem n'kuwauza kuti asapitirire nawo milungu 4. Milunguyo inadutsa kalekale, koma akangoyesa kusiya amachezera kugubuduka pabedi mpaka mbandakucha, ndiye amabwererako kukatenga ena.

Mnzawo wa kusukulu anawaperekeza ku hanuiwon, chipatala cha mankhwala a makolo. Musaganize za sing'anga wa pamsika ayi. Madokotala amenewa amaphunzira zaka 6 kuyunivesite ndipo boma limawapatsa chiphaso. Muno mu Daegu muli msika wa zitsamba wa Yangnyeongsi umene unayamba mu 1658, moti anthu ambiri kuno amawakhulupirira mankhwalawa. Ku hanuiwon kuja anawapatsa mankhwala a zitsamba otchedwa Sanjoin-tang, owiritsiratu, othiridwa m'timapaketi tapulasitiki. Kunena zoona, masiku ano akugonako bwino, ndipo sindikufuna kunyoza chinthu chimene chawathandiza.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti akumwa zonse ziwiri, ndipo palibe dokotala amene akudziwa za mnzake. Akuti akaulula adzudzulidwa. Nditawerenga za mankhwalawa ndinapeza kuti muli njere za jujube, zimene zimabweretsa tulo, komanso muzu wotsekemera wa licorice. Muzu umenewu munthu akaumwa nthawi yaitali ungathe kukweza BP ndi kuchepetsa potassium m'magazi. Amuna anga ali kale ndi BP, ndipo bambo awo anamwalira ndi sitiroko.

M'mawa amadzuka ali lefu ngati woledzera, chonsecho amapalasa njinga kupita kusukulu. Usiku wina ndinawapeza kukhitchini akudya, kutacha sanakumbuke kalikonse. Zimenezi zinandiopsa kwambiri.

Ndithandizeni, Adokotala. Kodi mankhwala awiri ogonetsa akakumana m'thupi kwa miyezi yambiri chonchi, chiwindi ndi impso sizingawonongeke? Tikapemphe kuti awayeze chiyani m'magazi, ndipo pakatha nthawi yaitali bwanji? Ine mtima wanga uli poti ayambe ndi kuchepetsa mapiritsiwo, koma ndikumva kuti zolpidem sasiya mwadzidzidzi. Ndipo ngati iwo apitiriza kukana kuwauza madokotala awo, kodi ndikalakwa ndikapita nawo limodzi n'kukanena ndekha, timapaketito tili m'manja?

Mayi wodandaula,
Daegu