Kalata yochokera ku Houston

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la ku Texas likuwotcha osati masewera.

Munandifunsa ngati ndinasiya mpingo wathu, popeza pa chithunzi chija panalembedwa Episcopal. Musade nkhawa, ndi Anglican yomweyi. Dziko lino litachoka m'manja mwa Angelezi, ansembe akuno sakanathanso kulumbira kuti adzamvera mfumu ya ku England, moti bishopu wawo woyamba, Samuel Seabury, anakadzozedwera ku Aberdeen, ku Scotland, mu 1784. Kuyambira pamenepo amadziyendetsa okha, koma ndife banja limodzi. Dayosizi ya Texas ino ilinso pa ubale ndi dayosizi ya Southern Malawi, ndiye ndikatchula kwathu ena amagwedeza mutu, si dzina lachilendo kwa iwo.

Misa yake simungasochere nayo. Buku la mapemphero ndi la 1979, la nyimbo la 1982, ndipo ndondomeko ndi ija munaizolowera: mawu, ulaliki, kulapa, kupatsana mtendere, kenako ku guwa. Chimene ndimasowa ndi kuyimba. Kuno limba ndiye limatsogolera, anthu amangotsatira chapansipansi, ola likangokwana zatha, tonse tikamwe khofi kuholo. Wansembe wathu ndi mayi. Mpingo wa Episcopal unavomereza kudzoza amayi unsembe mu 1976, ndipo mu 1989 anadzoza Barbara Harris kukhala bishopu woyamba wamkazi. Wansembe wathuyu amalalika bwino, ndipo odwala ake amawadziwa mayina onse.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Mabenchi ambiri ali pululu, ndipo amene amabwera ambiri ndi a imvi. Nkhalamba zakuno zimakhala zokha, kapena ku nyumba zosungirako okalamba, ana ali kutali ku ntchito. Munthu amene wapemphera pa tchalitchi chimodzi moyo wake wonse, miyendo ikakana, akhoza kungozimiririka osadziwika. Ndiye bishopu amapereka chilolezo kwa akhristu wamba, ataphunzitsidwa, kuti azikapereka Mgonero kwa otere. Inenso ndinalowa m'gulu limeneli.

Anthu akatha kulandira, wansembe amatiitana kutsogolo, natipatsa kabokosi kokhala ndi mkate ndi vinyo zodalitsidwa pa Misa yomweyo. Amatchula dzina la amene tikukamuona, mpingo wonse nuyankha kuti ngakhale tili ambiri ndife thupi limodzi. Tikatero timanyamuka nthawi yomweyo, khofi uja osamuyang'ana.

Ine ndimapita kwa gogo wina amene kale ankasamala nsalu za pa guwa. Manja awo amanjenjemera, chikho sangachigwire, ndiye ndimaviika mkate pang'ono ndi kuwaika pakamwa. Maso anafooka, koma mapemphero onse ali pamtima, nthawi zina amanditsogolera. Ndikayala kansalu koyera pa tebulo lawo amakasisita ndi chala, kufuna kudziwa ngati kasitidwa bwino, kenako amafunsa amene anakhala pa benchi yawo lero. Achemwali, pobwerera ndimayendetsa galimoto misozi ili m'maso.

Kwathu munthu akadwala, amayi a Mothers' Union amangotulukira ndi ufa ndi nkhuni, popanda wowalembera. Kuno chilichonse ndi mndandanda: uyu apereka chakudya Lachiwiri, uyu aperekeza wodwala kuchipatala Lachinayi. Ena amati ndi chikondi cha papepala, ine sindivomereza. M'dziko limene aliyense akuthamangira ntchito, pepalalo ndi limene limachititsa kuti gogo uja asaiwalike.

Pakati pa sabata holo ija imasanduka mogawira chakudya. Kumabwera mabanja ambiri, ena olankhula Chisipanishi chokha, kudzatenga mpunga, nyemba ndi zam'zitini. Njala iliko ku America, musamve za anthu. Ndalama zoyendetsera zonsezi zimachokera m'matumba mwa akhristu: chakumapeto kwa chaka banja lililonse limalemba pa khadi zimene lidzapereke chaka chamawa, ndipo komiti ya tchalitchi imakonza bajeti poona makhadiwo, kuphatikizapo malipiro a wansembe.

Mukapeza wobwera kuno, munditumizireko buku la nyimbo la Chichewa, langa linathothoka masamba. Gogo aja anandipempha kuti ndidzawaimbire ya kwathu. Mundiperekere moni kwa abambo mfumu ndi amayi onse a kwaya.

Ndine mnzanu wokusowani.