Mukapeza chitini cha filimu yakale musachitaye, musachiotche

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mafilimu opanda mawu a makawuboyi amene anatayika, komanso zoyenera kuchita munthu akapeza chitini cha filimu yakale m'nyumba ya makolo, m'holo yakale kapena m'chipinda chosungira katundu pa mishoni.

Mu 1919 kampani ya Universal ya ku America inatulutsa filimu yotchedwa Ace of the Saddle. Anaitsogolera ndi John Ford, amene masiku amenewo ankalembedwa kuti Jack Ford, ndipo katswiri wake anali Harry Carey. Nkhani yake ndi ya mwini ng'ombe amene famu yake ili m'malire a maboma awiri. Mbava zikumubera ng'ombe, mkulu wa apolisi wa m'boma lake akukana kumuthandiza, ndipo wa boma linalo manja ake ndi omangika poti nyumba ya wodandaulayo ili kunja kwa dera lake. Mwini ng'ombeyo akusamutsa nyumba yake n'kuiwolotsa malire kuti lamulo limufikire. Zonsezi timazidziwa chifukwa magazini a nthawi imeneyo anazilemba. Filimu yeniyeniyo inatayika, pamodzi ndi ambiri mwa mafilimu amene Ford ndi Carey anapangira limodzi pakati pa 1917 ndi 1921.

Mu 2013 Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inatulutsa lipoti la David Pierce lonena kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu pafupifupi 11,000 amene anapangidwa ku America pakati pa 1912 ndi 1929, 70 pa 100 aliwonse anatheratu. Amene alipo athunthu pa filimu ya 35mm (mamilimita 35 m'lifupi) monga anatulukira poyamba ndi 14 okha pa 100.

Chifukwa choyamba chinali ndalama. Mafilimu olankhula atayamba mu 1927, makampani anaona kuti akale aja sadzagulitsidwanso, ndipo kuwasunga kunkadya ndalama. Zithunzi za pa filimu zimapangidwa ndi siliva, choncho mipukutu yambiri inagulitsidwa kwa anthu ochotsamo silivayo. Universal inawononga dala mafilimu ake ambiri opanda mawu mu 1948. A makawuboyi ndiye sankawerengedwa n'komwe: ankajambulidwa mofulumira, motchipa, n'kuzungulira m'timaholo ta kumidzi mpaka kope litang'ambika.

Chifukwa chachiwiri ndi filimu yomweyo. Mpaka cha m'ma 1951, filimu ya 35mm ya m'makanema inkapangidwa ndi naitireti, mankhwala apachibale ndi wonga wa mfuti. Ikayaka imadzipangira yokha mpweya woyatsira moto, moti imayakabe ngakhale muimize m'madzi, ndipo utsi wake ndi poizoni. Pa moto wa pachipatala cha Cleveland Clinic ku America mu 1929, pamene zinayaka zinali zithunzi za X-ray za naitireti, anthu 123 anafa, ambiri chifukwa cha utsiwo. Pa 9 July 1937, kunja kukutentha kwambiri, nyumba yosungira mafilimu ya kampani ya Fox ku Little Ferry m'chigawo cha New Jersey inayaka yokha. Mipukutu yoposa 40,000 inapsa, kuphatikizapo ambiri mwa mafilimu amene Tom Mix, katswiri wa mafilimu a makawuboyi, anapangira kampaniyo.

Naitireti imawolanso ngakhale popanda moto, ndipo kuwolako kuli ndi magawo asanu odziwika. Poyamba filimu imasanduka yachikasu ndipo zithunzi zimazilala. Kenako imayamba kunanda ndi kununkha. Pagawo lachitatu imafewa, n'kutuluka timatuza ta mpweya. Pachinayi mpukutu wonse umamatirirana kukhala chibuma chimodzi chathovu pamwamba, ndipo pomaliza umasanduka ufa wofiirira ngati fodya wopera. Mpweya umene imatulutsa ukakumana ndi chinyontho umapanga asidi, asidiyo n'kufulumizitsa kuwola ndi kudya chitini ndi dzimbiri. Ndiye chifukwa chake chitini chotsekedwa ndithithi chimapha filimu msanga kuposa chopuma. Pa magawo awiri oyamba akatswiri amatha kukopera pafupifupi zonse. Pachitatu amapulumutsako zidutswa. Kupitirira apo palibenso chotola.

Chimene chimandilimbitsa mtima ndi chakuti mafilimu amene amapezekanso amapezeka kutali ndi Hollywood, kumene makope ankathera ulendo wawo eni ake osafunanso kulipira mtengo wowabweza. Straight Shooting, filimu yoyamba yaitali ya Ford ya 1917, yonena za mkangano wa eni ng'ombe ndi alimi, inapezeka ku Prague, likulu la dziko la Czech Republic. Bucking Broadway ya chaka chomwecho inapezeka ku France mu 2002. Ku Dawson City kumpoto kwa Canada, mipukutu 533 inafukulidwa mu 1978 m'dziwe losambiramo limene linakwiriridwa mu 1929. Nthaka yozizira ndi imene inaisunga. Mu 2010 kunalengezedwa kuti mafilimu 75 a ku America apezeka ku New Zealand, pakati pawo Upstream ya Ford. Chigawo chathu chino nachonso chinali kumathero a njira yotere. M'zaka za m'ma 1920 m'busa wa ku America, Ray Phillips, ankaonetsa mafilimu m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg kumene agogo athu ambiri ankagwira ntchito, ndipo ku migodi ya ku Copperbelt m'dziko la Zambia mafilimu a makawuboyi ndi amene ankakondedwa koposa. Choncho chitini cha dzimbiri chopezeka kuno si chinthu chochipeputsa.

Mukachipeza, choyamba chichotseni padzuwa ndi pansi pa denga la malata. Naitireti yowola itha kuyaka yokha pa madigiri 41 ikakhalitsa potentha chomwecho, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwezi wa October kutentha kumafika pamenepo. Tsegulirani panja, pamthunzi, kutali ndi mbaula ndi fodya, mutavala magolovesi, nkhope mutaiika kumbali. Chivundikiro chikakana musachimenye ndi nyundo. Mukaona thovu kapena ufa, tsekani, musachigwedezenso, ndipo itanani ozimitsa moto kapena akatswiri osunga zakale.

Ngati mpukutu uli wouma, yezani m'lifupi mwake. Filimu ya 16mm, imene kampani ya Kodak inayambitsa mu 1923, ndi ya 8mm, kampaniyo sinazipangepo ndi naitireti. Vuto lake ndi lina: ikamawola imanunkha viniga, imafota ndi kupindika, koma siyaka choncho. Ya 35mm ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa. Masulani mita imodzi kapena awiri okha, mutagwira m'mbali, n'kuwerenga mawu amene ali m'mphepete pafupi ndi timabowo: NITRATE kapena SAFETY. Apa ambiri amasokonezeka. Mawu akuda pa mphepete yoyera ndi amene akunena za filimu imene mwagwirayo. Mawu oyera pa mphepete yakuda anangokoperedwa kuchokera ku negetivu, filimu imene kopelo linachokerako. Ngati palibe mawu alionse ndipo filimu ikuoneka yakale, itengeni ngati naitireti. Musadule kachidutswa kuti muyese ndi machesi.

Musaiike m'projekita, chonde. Filimu yakale imakhala itafota, timabowo take sitigwirizananso ndi mano a makina, ndipo imang'ambika kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ikangoima pang'ono kutsogolo kwa getsi la projekita, moto wabuka. Musaitsuke ndi madzi kapena sipiriti, musaimate ndi selotepi, musaikulunge m'pulasitiki. Zitini zigone chafulati pamalo ozizira, ouma, odutsa mphepo, kutali ndi chipinda chogona anthu ndiponso kutali ndi mapepala ndi mafilimu ena, poti mpweya wake umawononga zoyandikana nazo. Library of Congress imasunga naitireti pa madigiri pafupifupi 4 ndi chinyontho cha 30 pa 100. Kunyumba simungafikepo, ndipo firiji ya chakudya si yankho chifukwa imabweretsa chinyontho. Cholinga chanu chikhale choti filimuyo ichoke m'manja mwanu ipite kwa odziwa, koma osati pa positi kapena m'chikwama cha pa ndege, chifukwa ili m'gulu la katundu woyaka amene ali ndi malamulo ake onyamulira.

Chotsala ndi kudziwa kuti ndi filimu yanji, ndipo pa mafilimu a makawuboyi imeneyi ndi ntchito yaikulu, poti zipewa, akavalo ndi zipululu zimafanana. Zolembedwa pa chitini nthawi zambiri zimanama, popeza zitini zinkasinthanitsidwa. Mutu wa filimu umakhala koyambirira kwa mpukutu woyamba, komwe kumayamba kuwonongeka. Jambulani ndi foni nkhope za osewera mutayang'anitsa filimu kuwindo, jambulani makadi a mawu amene ankaikidwa pakati pa zithunzi poti ena ali ndi chizindikiro cha kampani, ndiponso tizizindikiro tozungulira, ta ngodya zinayi ndi ta ngodya zitatu tam'mphepete. Timeneto ndi tizizindikiro ta Kodak tosonyeza chaka, ndipo tinkabwerezedwa pa zaka 20 zilizonse. Werengani mipukutu: umodzi ndi mamita pafupifupi 305, mphindi ngati 15 pa liwiro la nthawi imeneyo, ndipo filimu yaitali inkakhala ndi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ngakhale mpukutu umodzi wokha ndi wofunika.

Mukaona mtundu, musafulumire kuganiza kuti filimu yawonongeka. Zochitika za usiku, monga mbava zikukusa ng'ombe, zinkajambulidwa masana kenako filimuyo n'kuinyika mu utoto wabuluu. Zamoto zinkanyikidwa mu wofiira. Utoto woterewu umakhala wofanana ponseponse ndipo umasintha pa mfundo yolumikizira, pamene chikasu cha kuwola chimabwera mwamawangamawanga. Kope lopanda utotowo limaonetsa mbava zikuba dzuwa likuswa mtengo, nkhani n'kusokonekera, choncho wokopera ayenera kuona mitunduyo monga ilili.

Pempho langa, Akonzi, ndi lakuti nyuzipepala yanu iwauze owerenga, makamaka oyang'anira mishoni, masukulu akale ndi maesiteti, kuti asanasese zipinda zawo adziwitse a National Archives ku Zomba. Powauza atchule m'lifupi mwa filimu, chiwerengero cha zitini, fungo lake, mawu a m'mphepete ndi komwe zitinizo zakhala zikusungidwa, ndipo atumize zithunzi m'malo monyamula zitinizo.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda mafilimu akale,
Blantyre